Tsiku Limene Abambo Anavala Bulauzi ya Apongozi

Abambo anatisiya Lachiwiri, tinawaika Lachinayi, ndipo pofika Loweruka tinali titayamba kale kukangana za jekete lawo. Suti inapita kwa achimwene anga a Laisoni popanda wotsutsa. Nsapato ndi chipewa anatenga anzawo a ku sosaite ya maliro. Pamphasa panatsala jekete loyera la ukhukhi, lothetheka m'zigongono, limene analivala zaka makumi atatu m'khitchini ya azungu kumayadi, n'kupitiriza kulivala pano pa lokeshoni ya Unit K ntchito itatha kalekale.

"Limenelo likatayidwe," anatero amayi. "Ndatopa nalo kuliona. Apo ayi lidulidwe, tizikolopera."

Amene anayankha ndi munthu amene sindinamumvepo akutsutsa amayi chibwerere pakhomo pathu: alamu anga, amake Rudo, mkazi wa a Laisoni. Iwo ndi Mshona, ndipo Chichewa amachilankhula mosamala ngati akuyenda pamatope. Anasendera pafupi, akukoka mwendo wawo wovuta, n'kuika dzanja pajeketepo.

"Amai, ndipeiwo ini. Ndipatseni ine."

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kumbali. Achibale ochokera kumafamu anadabwa, poti mkazi sapempha chovala cha apongozi ake aamuna. Ife apakhomo sitinadabwe, ndipo palibe amene anafuna kufotokoza.

Dzina lawo linali Jailosi Phiri, koma mu laini yathu ankangoti Sekuru Kuki, kunena kuti Agogo Khukhi. Anachoka kwawo ku Dedza wapansi, kudzera ku Tete, kubwera kuno kudziko la Ashona, ndevu zisanamere, ndipo sanabwerereko. Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wosaseka pagulu. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono asanakhudze ngakhale supuni. Ankati litsiro loopsa ndi limene silioneka, amayi n'kumayankha kuti ngati silioneka ndiye awasiye apume. Jekete lawo ankachapa okha, kusita okha, n'kulipachika pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Kulikhudza kunali kuputa mlandu.

Azungu aja atasamukira ku Joni dziko litalandira ufulu, anawasiyira wotchi ya m'thumba, kapoto koyera kowiritsira mabotolo a ana, ndi chithunzi cha ana awo atatu. Chithunzicho abambo anachipachika pabalaza, pamwamba pa wailesi. Amayi akamasesa ankachitembenuza kuti chiyang'ane khoma. Abambo polowa ankachitembenuzanso. Tsiku ndi tsiku zinali choncho, ndipo palibe amene anagonja.

Ndinene zoona, ine ndinali mbali ya amayi. Ana atatu aja abambo anawalera ndi manja awo, kuwamwetsa, kuwageyetsa paphewa, kuyenda nawo pakapinga mpaka agone. Ife asanu tinkawaona Lamlungu masana pokha, atakhala pampando ngati mlendo, akutifunsa za kusukulu kwinaku akuyang'ana dzuwa kuti basi ingawasiye. Sindikumbuka tsiku limene anandinyamulapo. Zinandiwawa ndili mwana, ndipo zikundiwawabe.

Pa mwambo ndiye anali ouma gwa. A Laisoni atabweretsa mkazi, nyumba yathu ya zipinda zinayi, mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi, inasanduka bwalo la chibisalirano. Alamu akalowera khomo la kumaso, abambo ankatulukira la kuseri. Asanakhote pangodya ya nyumba ankatsokomola kawiri kuti apongozi apatuke. Kulankhulana mwachindunji kunalibe, ngakhale ataima mapazi atatu. "Esinati, uwauze apongozi kuti tiyi wafika." Ine n'kutembenuka kukauza munthu amene wamva kale. Kuchipinda kwa a Laisoni sankaponyako ndi diso lomwe, ndipo zovala za alamu zikakhala pachingwe ankazungulira kutali, kuponda m'mabedi a lepu. Ankati pakhomo popanda manyazi si pakhomo, ndi nyumba ya malojala, anthu a lendi.

Tsono tsiku limene ndikufuna kunena linali m'chaka cha chilala, mwezi wa Okutobala, Rudo ali ndi miyezi inayi. Alamu ankagulitsa tomato pamsika wa Chikwanha, ndipo Lachisanu lina anati athamangire kumsika waukulu wa ku Mbare kukapikula, abwere mwana asanadzuke kachiwiri. Kanali koyamba kumusiya. Galimoto imene anakwera pobwerera, zija zodzaza anthu mpaka kubuti, inaphulika tayala n'kugubuduzika pamsewu wa Seke. Uthenga unatipeza dzuwa lili pamutu: ali moyo, koma chiuno chathyoka, sakuzindikira munthu, ndipo kumene agonekedwa khanda salola.

Rudo anali asanalawepo kanthu kupatula bere. Tinathamanga naye ku kiliniki. Anesi anatiuza kuti tigule mkaka wa m'chitini, botolo ndi titi yake, kamphira koyamwira kaja, ndipo tisade nkhawa, njala ikamugwira ayamwa yekha. Njala inamugwira, koma sanayamwe. Titi ikangokhudza milomo ankaikankha ndi lilime, n'kupinda msana, kulira mpaka mawu kusasa. Amayi anapakapo shuga, osatheka. Anatenthetsa singano n'kukulitsa bowo, mkaka n'kumangothuka. Mwana anatsamwa, anasanza, ndipo kuyambira pamenepo ankalira akangoona botolo likubwera. Amayi anamupatsa bere lawo louma, anakoka kawiri n'kulilavula. Kunyumba yachitatu kuchokera kwathu kunali mayi woyamwitsa. Iye anafuna, koma mwamuna wake anakana, akuti mkaka wa mkazi wake sungalowe mwa mwana wa mtundu wina. Bambo ameneyo ndimamupatsabe moni, koma wa mano okha.

Nthawi yonseyi abambo anali panja, pakampando kawo pansi pa mpichesi. Madzulo a Lachisanu anafika pakhomo la pabalaza n'kufunsa ngati botolo taliwiritsa.

"Za ana si za amuna," anatero amayi osacheuka. "Anu aja anapita ku Joni."

Abambo anabwerera pakampando.

Kutacha Loweruka ndinasowa chochita ndi manja anga. Kulira kwa mwana kunkandilowa m'mafupa, ndiye ndinachita chimene ndimachita mtima ukakhala m'malere: ndinachapa. Ndinalowa kuchipinda kwa alamu n'kukokolola zonse, madiresi, zitenje, mbereko, nsalu za pabedi, poganiza kuti a Laisoni azikatenga zoyera popita kuchipatala. Madzi anali ovuta chaka chimenecho, koma ndinatsukuluza kawiri. Ndinkadziona wothandiza kwambiri.

Cha m'ma leveni Rudo analeka kulira. Azimayi a mu laini amene anadzaza pabalaza anati watopa, agone. Koma sikunali kugona. Maso anali otseguka pang'ono, milomo youma, ndipo liwombo, pamutu pofewa paja, linali litalowa moti nsonga ya chala ikanakhalamo. Amayi anaitanitsa Mai Moyo, mnansi wathu wodziwika pa matenda a makanda. Anabwera ndi kabotolo ka mafuta akuda ndi mchere papepala.

"Nhova yadonha," anatero atangogwira pamutu, kutanthauza kuti liwombo lagwa. Mankhwala ake, akuti, ndi kukhula m'kamwa mwa mwana ndi mchere, kukankhira m'mwamba ndi chala, kenaka kumata mafuta pamutu.

Anali atavviika kale chala mumcherewo pamene chitseko chinatseguka popanda kutsokomola. Abambo analowa atavala jekete loyera, manja akudontha madzi.

"Chotsani chala chimenecho."

"Sekuru, budai panze," anatero Mai Moyo, akuloza kunja.

"APhiri, mwayamba misala?" anatero amayi. "Tulukani, muli azimayi muno."

Abambo anatembenukira amayi. "Ndakhala ndikuwerenga matewera pachingwe, aNabanda. Dzulo m'mawa asanu ndi limodzi. Dzulo madzulo awiri. Lero Esinati wachapa nyumba yonse, thewera palibe ndi limodzi lomwe. Liwombo silinagwe, mwanayu wauma. Mukamuthira mchere m'kamwa, mawa tikumba."

Amayi anagwira pakamwa. Sindikudziwa ngati anawapatsa mwanayo kapena abambo anangomutenga. Ndinangoona ali m'manja mwawo, mutu uli m'chikhatho, msana uli pamkono, kanyamulidwe kamene sindinakaonepo pa mwamuna aliyense.

Anatulutsa azimayi onse ndi kutsegula mawindo. A Laisoni, amene anali atangofika kuchokera kuchipatala, anawatuma pa Chikwanha kukagula titi ina, yosakulitsa bowo. Ine anandiuza kuyatsa pulaimasi ndi kutsitsa kapoto koyera kaja pamwamba pa kabati, kamene kanali kasanakhalepo pamoto chibwerere kumayadi. Tinawiritsa botolo, supuni, ndi madzi padera. Madzi atazirala anasungunulamo shuga ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri, osati mulu wa Mai Moyo uja, n'kuyamba kudonthezera pambali pa mlomo wa mwana. Kadontho, kudikira, kadontho kena. Kenaka anatulutsa wotchi n'kuiika pawindo.

"Ikakwana folo asanayamwe, tikukwera naye basi kupita kuchipatala chachikulu, kaya atilandira kaya atibweza."

Inali itangodutsa wani koloko.

Madzi ambiri ankatsikira m'khosi, ochepa ankalowa. Patapita ola Rudo anatsegula maso n'kuyamba kulira motsitsa, ngati kamphaka. Abambo anati kulira kumeneko n'kwabwino, koma supuni singasunge mwana wa miyezi inayi kufikira amake atachira. Titi itafika anaiwiritsa, anasakaniza mkaka, anadonthezera pamkono pawo kuti amve kutentha. Anakhudza mlomo wa mwana. Rudo anatembenuza mutu n'kuumitsa thupi. Abambo sanakakamize, anaika botolo pansi.

"Esinati, ndipatse chovala cha amake chosachapa."

Ndinayang'ana pawindo. Chingwe chonse chinali mbee, zovala zikuuluzika, zikununkhira sopo.

"Ndachapa zonse, ababa."

"Zonse?"

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangonena, maso ali pamwana, kuti khanda limadziwa amake ndi mphuno lisanawadziwe ndi maso, ndi kuti dona wawo atagonekedwa m'chipatala, mwana wachiwiri uja anayamwa botolo chifukwa cha malaya ogonera a amake. Ndiye kuti ine ndinali nditawachapa amake Rudo kuwachotsa m'nyumba monse, kutsukuluza kawiri, ndi madzi osowa. Ndinathamangira kuchipinda, ndinasuzumira pansi pa bedi, ndinakhuthula sutikesi. Ndinatuluka chimanjamanja. Wotchi inkati hafu pasiti thu.

Abambo anaimirira ndi mwana n'kulunjika kuchitseko cha chipinda chija. A Laisoni anaima pakhomo.

"Baba, hamupinde imomo. Simungalowe."

"Patuka."

"Baba, anthu ali pawindo akuona."

"Mwanayu ndi wako kapena ndi wa anthu?"

A Laisoni anapatuka, nkhope ili pansi. Abambo sanachedwemo. Munthu amene watola zovala za eni zaka makumi atatu amadziwa pamene mkazi wofulumira amakoleka chimene wavula: kuseri kwa chitseko, pamsomali, ndipo pamwamba pake a Laisoni anali atapachikapo ovolosi yawo. Anatuluka ndi bulauzi yamaluwa imene alamu anavula Lachisanu m'mawa, youma gwa pachifuwa ndi mkaka. Anaiyala pachifuwa pawo, pamwamba pa jekete, n'kundifulatira.

"Manga manja ake kumbuyo kwa khosiku."

Ndinamanga. Amayi, amene anali pakhomo la kukhitchini, anakuwa ngati awona maliro.

"Mwatilaula, aPhiri! Chovala cha apongozi, cha pamawere pawo! Kuchipinda kwa mwana wanu mwalowa, ichinso mwavala. Mukufuna mutidule tonse pakhomo pano?"

"Hazviitwe izvi," anatero Mai Moyo, akupukusa mutu kuti zoterezi sizichitika, ndipo anakaima kumpanda pamodzi ndi anzawo.

M'nyumba munali motentha ngati mu uvuni, choncho abambo anatuluka panja, poyera, munthu yemwe uja ankaponda lepu pothawa zovala za apongozi. Anayamba kuyenda mumthunzi wa khoma, kuchoka pampopi kukafika pageti, kuchoka pageti kubwerera pampopi. Tsaya la Rudo linali pabulauzi. Ulendo wachitatu ndinamuona akufunafuna ndi kukamwa, mphuno ikukwirira munsalu. Ndinati basi amupatsa botolo. Sanamupatse. Botolo analibisa m'khwinya la bulauzi, kungotulutsa nsonga ya titi, n'kukhudza mlomo wam'mwamba kamodzi. Rudo anatembenuka. Abambo anapitiriza kuyenda, osamuyang'ana kumaso, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi pansipansi. Anakhudzanso. Anatembenukanso.

Kumpanda kunali manong'onong'o, ndipo wina anaseka. Ndinalowa kukaona wotchi: hafu pasiti fili. Ndinatuluka, ndinalowanso: mphindi khumi zapita. A Laisoni anali ataima pageti ndi bulangete la mwana m'manja, okonzeka kuthamangira basi. Ine ndinkapemphera pemphero lopanda mutu, loti mwanayu akafa ndamupha ndine ndi sopo wanga.

Ulendo wina, pafupi ndi mpopi, abambo anachepetsa liwiro koma sanaime. Ndinaona timathovu tikukwera m'botolo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe. Anandiponyera diso limodzi, ndinatseka. Rudo anamwa kuchepetsa mkaka zala ziwiri, anagona, anadzuka, anamwanso. Dzuwa lisanalowe thewera linanyowa. Abambo analivula okha n'kundipatsa.

"Ichi ndiye uchape."

Ndinalichapa ndikulira, pampopi pomwepo, anthu akuona.

Amayi sanawalankhule masabata awiri. Chakudya cha abambo ndinkaperekera ine. Akulu ampingo awiri anabwera kudzacheza, anamwa tiyi, anazungulira nkhaniyo n'kuchoka osaitchula. Mu laini ankatiseka mpaka mvula itagwa, akuti Sekuru Kuki anavala bulauzi. Abambo sanadziteteze ndiponso sanapepese. Masabata asanu ndi awiri Rudo anamwa m'manja mwawo mokha. Ankamupatsa asanalire, poti ankati njala ikakula imatseka pakamwa. Bulauzi inatha fungo patangopita masiku ochepa, koma pofika pamenepo jekete lokha linkakwanira.

Ine ndinkawaona akumugeyetsa paphewa, ndipo ndinkachita nsanje ndi khanda, mkazi wamkulu ndithu. Tsiku lina pochapa mabotolo ndinawafunsa chifukwa chake ife sanatinyamuleko. Anatsuka titi nthawi yaitali asanayankhe. Anati ankadziwa mmene mwana amalirira munthu amene wamuzolowera akachoka, ndipo iwo Lamlungu lililonse madzulo ankachoka. Yankho limeneli silinandikhutitse, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinawakhululukira.

Alamu anabwera mu Disembala, akuyendera ndodo ziwiri, mawere atauma. Tinawakhazika pamphasa pabalaza, anatambasula manja, ndinawaikira mwana. Rudo anawayang'ana, anapinda msana, n'kulira akufunafuna kukhomo. Tinawapatsa botolo kuti ayese. Analikankha ndi lilime monga tsiku loyamba lija. Misozi ya alamu inkagwera pamutu pa mwana.

Panja panamveka kutsokomola kawiri. Abambo anali ataima pambali pa chitseko, atafulatira, mmene mwambo umafunira. Dzanja lawo lokha ndi limene linalowa m'nyumba, litanyamula jekete loyera.

"Esinati, uwauze apongozi avale ili. Asamuyang'ane kumaso, angomugwedeza. Akakana asamukakamize."

Ndinalandira jeketelo n'kuyang'ana amayi, ndikudikira mkuwo wina. Amayi anadzuka, analanda jeketelo m'manja mwanga, anawaveka alamu okha, n'kukonza kolala. Zinatenga nthawi, koma Rudo anamwa. Mawa lake abambo anayambiranso kutulukira khomo la kuseri ndi kutsokomola pangodya, ndipo anatero zaka zina zisanu ndi chimodzi. Za bulauzi kapena za jekete sanatchulepo, ndipo alamu sanawalankhulepo ndi liwu limodzi lomwe maso ndi maso mpaka tsiku limene tinawatseka maso.

Lamlungu, titagawa zovala dzulo lake, ndinapeza jekete lija litapindidwa pabedi pa alamu. Kolala inali yakuda, poti masabata omaliza abambo analibe mphamvu zochapira ndipo sankalola wina. Dzanja langa linalitenga lokha kuti lipite m'beseni. Alamu anandigwira pamkono, mwamphamvu kuposa mmene ndinkawaganizira.

"Kwete, tete. Ayi, mlamu wanga, musachape."

Analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika pansi pa sutikesi. Rudo, amene tsopano ali giredi wani, amapempha kuti amutsegulire, amakwirira nkhope m'menemo kanthawi, n'kubwerera kosewera.

Msomali wa kuseri kwa chitseko cha kukhitchini uli wokha, ndipo palibe amene wapachikapo ngakhale thaulo. Kapoto koyera kanabwerera pamwamba pa kabati. Chithunzi cha ana atatu chikuyang'ana pabalaza chiikire maliro. Amayi amasesa pansi pake, sachitembenuza. Kampando kali pansi pa mpichesi, masamba akuunjikana pamenepo. M'mbali mwa khoma, kuchoka pampopi kukafika pageti, dothi ndi lolimba moti udzu sumera ngakhale m'dzinja. Ndipo m'mawa uliwonse alamu akamapita kukatunga madzi, akafika pangodya amaima kaye pang'ono ndi ndowa m'manja, kumvetsera, kenaka n'kukhota.